Ndalama zimene tinkatumiza kumudzi matenda atafika kale

Ine ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu, ndimagulitsa kaunjika. Kwathu ndi ku Dedza koma ndinakwatiwa kuno kumpoto, bambo a kunyumba kwawo ndi kunyanja, kupitirira Usisya m'boma la Nkhata Bay. Ndikulemba izi makamaka kwa inu anzanga amene muli m'tauni koma makolo ndi abale anu ali kumudzi kotalikira chipatala, chifukwa zomwe zinatichitikira mu February 2025 sindikufuna munthu wina adutsemo, ndipo mbali ina vuto linali ine ndemwe.

Amene simunafikeko kumeneko mwina simungamvetse. Kuchoka ku Mzuzu kupita ku Usisya msewu wake ndi wafumbi, ndipo chakumapeto umatsetsereka phiri mokhotakhota mpaka kunyanja, nthawi ya dzinja ndi matope okhaokha moti madalaivala ambiri amakana ngakhale muwalonjeze ndalama zingati. Ilala imaima kumeneko koma si tsiku lililonse, simungaidikire muli ndi wodwala. Nde kwa apongozi anga si pa Usisya penipeni ayi, umayendanso wapansi m'mbali mwa mapiri maola atatu, apo ayi ukwere boti la injini ngati nyanja ili bata komanso ngati mwini boti ali ndi petulo. Netiweki imagwira pamwala wina wake pamwamba pa mudzi, munthu akafuna kuimba foni amakwera pamenepo.

Kwa zaka zonsezi ife chithandizo chathu chinali chimodzi. Foni ikalira kuti uje wadwala, timathamanga kwa ejenti kutumiza pa Airtel Money. Maliro akachitika timasonkha za bokosi. Pa Khirisimasi timapita ndi shuga, mafuta ophikira, sopo, zitenje za apongozi, basi timadzimva kuti kumudzi timasamala. Sindinafunsepo ngakhale tsiku limodzi kuti kodi ana akugona m'neti, kodi madzi mukumwa ndi a kuti, kodi mwana mwapita naye kusikelo mwezi uno. Zimenezo ndinkati ndi za eni ake.

Mlamu wanga wamng'ono, mchemwali wa bambo a kunyumba, ali ndi kamnyamata, nthawi imeneyo kanali kangokwanitsa zaka 2. Kanayamba kutentha thupi Lachiwiri. Anakapatsa panado wogula pakagolosale thupi linazizira pang'ono, nde onse anati ndi mano akumera kapena chimfine cha mvula. Lachitatu kakukana kudya, kakungogona. Lachinayi madzulo kanayamba kukomoka, maso kutembenuka, manja kuuma, ndipo agogo ake anathamangira masamba akuti izi si zachipatala izi. Sindikuwanyoza apongozi anga, analera ana 7 m'mudzi momwemo ndi nzeru zomwe anali nazo, koma usiku umenewo tikanataya mwana.

Chimene chimandipweteka mpaka lero nchoti a HSA, alangizi a zaumoyo aja, amakhala mtunda wa mphindi 40 zokha kuchoka pakhomopo, ndipo ali ndi kachipatala ka m'mudzi kothandiza ana osakwana zaka 5. Ali ndi zoyezera malungo zija zobaya pachala, ali ndi LA, Thanzi ORS, zinki, ndi mankhwala a chibayo, zonse zaulere. Koma pakhomo paja ankawatenga ngati munthu woyeza ana pasikelo ndi kuyendera zimbudzi basi. Ndi mayi wina woyandikana nawo amene anatuma mnyamata wake ndi tochi kukawadzutsa. Atabwera anayeza, malungo, ndipo ataona kuti mwana sangameze kanthu anamuika mankhwala olowetsa kumbuyo aja amene amathandiza kuti mwana afike kuchipatala ali moyo, nkulemba kalata nkunena kuti nyamukani pompano musadikire kuche.

Foni inatipeza cha m'ma 11 usiku. Boti lilipo koma petulo palibe, mukukumbukira mmene mafuta ankavutira miyezi imeneyo, wina anali nawo m'chigubu koma mtengo wake eeh. Tinatumiza. Atafika pachipatala chaching'ono anamubaya jakisoni wa malungo, koma adokotala atayang'ana m'manja ndi m'maso anati magazi achepa kwambiri, akufunika kuonjezera, ndipo pamenepo sangathe. Ambulansi inali itanyamula kale mayi wina amene uchembere unamuvuta. Bambo a kunyumba anayenda usiku womwewo kufunafuna munthu wa galimoto yamphamvu yoti itsike phiri lija m'matope, atatu anakana, wachinayi analola koma anati ndalama zonse patsogolo. Ine ndinatenga mpamba wa belo yomwe ndimafuna kukaoda Lolemba nkupereka.

Anafika naye ku chipatala chachikulu cha Central kuno ku Mzuzu Lachisanu masana, ine nditamuona sindinamuzindikire, milomo yoyera ngati pepala, mutu ukungogwera uku ndi uku. Anamuika magazi, dilipi, majakisoni, manesi anagwira ntchito ndithu, Mulungu awadalitse. Tinakhala m'wodi masiku 6. Titawerengera zonse, boti, galimoto, chakudya cha odikirira, thiransipoti yobwerera, zinapitirira K400,000, ndipo bizinesi yanga inatenga miyezi inayi kuti idzukenso.

Tsiku lachitatu mwana atayamba kuyamwa tiyi pasupuni, nesi wina wachikulire anapempha buku lake lakuchipatala. Anatsegula masamba a katemera nkumuyang'ana mlamu wanga, osakalipa ayi, anangofunsa kuti mayi, katemera wa malungo wachinayi bwanji simunabwere naye? Mlamu anati ndimayesa anamaliza. Ine apo nkuti ndisakudziwa nkomwe kuti kuli katemera wa malungo. Nesi uja ndi amene anatifotokozera kuti Malawi ndi dziko loyamba kuyamba kupereka katemerayu mu April 2019, Ghana ndi Kenya anatsatira, ndipo Nkhata Bay ndi Karonga ali m'gulu la maboma 11 amene anayambira. Mwana amalandira ali ndi miyezi 5, 6, 7 kenako womaliza pa miyezi 22, nde womalizayu ndi amene ambiri amaphonya chifukwa mwana akayamba kuyenda amayi amasiya kupita kusikelo. Ananenetsanso kuti katemerayu amachepetsa chabe, sakutanthauza kuti mwana sangadwale, neti ikufunikabe.

Kenako anafunsa za netiyo. Mlamu anangoti zii kuyang'ana pansi.

Maneti analipo abale. Boma linagawa, komanso iyeyo analandira ina kusikelo ali woyembekezera. Awiri anali m'sutikesi osatsegula m'pepala mwake, akuti akusungira alendo. Ina anatchingira nazale ya tomato kuopa nkhuku. Yomwe inali pabedi anaichotsa chifukwa akuti imabweretsa nsikidzi komanso kunyanja kumatentha munthu sungapume. Ndipo apa mpamene ine ndinachita manyazi kwambiri, chifukwa December yomwe inali itangopita tinali komweko, ine ndinanyamula neti yanga kuchokera ku Mzuzu, ndinamangira ana anga, kamnyamata kaja kakugona pamphasa chipinda chinacho popanda kanthu, ndipo pobwerera ndinaipinda neti yanga bwinobwino nkuiika m'chikwama. Ndinaona ndi maso anga koma sizinandikhudze. Ndinkaopa kuti mkamwana wochokera kutali ndikayamba kulankhula za m'nyumba mwa eni ake adzati ndikudzimva utauni.

Mvula itatha mu May ndinapita ndekha kumudzi, bambo a kunyumba anatsala ndi ana. Choyamba ndinapita kukathokoza a HSA aja, ndinawatengera shati ndi nsapato za m'belo. Tinakhala pakhonde nthawi yaitali. Munthu uja amayenda wapansi midzi yambirimbiri chifukwa njinga m'mapiri amenewo siyenda, boma limafuna kuti HSA mmodzi aziona anthu 1,000 koma iye akuti ake ndi ochuluka kuposa pamenepo. Katemera amakatenga yekha kuchipatala m'kabokosi kozizira kaja nkubwera naye tsiku la sikelo, akachedwa panjira ayezi amasungunuka. Ndinawafunsa kuti bambo, ife a m'tauni tingathandize bwanji, ndimaganiza anena za ndalama. Anati mayi, inu mukaimba foni kuno anthu amakumverani kuposa ine, chifukwa ndinu amene mumatumiza ndalama. Muzingofunsa kuti mwana wapita kusikelo? Mukamva kuti thupi latentha muziwauza abwere kwa ine tsiku lomwelo, asadikire la mawa.

Mawu amenewo anandilowa. Nzoona, mawu a munthu wotumiza ndalama amalemera kumudzi, nde ife timangowagwiritsa ntchito pofunsa za mbuzi ndi malata.

Anandiphunzitsanso zizindikiro zoti ukaziona osataya nthawi ndi panado kapena masamba: mwana kukomoka, kukana kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse chimene wadya, kufooka koti ukamudzutsa sakudzuka bwino, kupuma mothamanga nthiti zikulowa mkati, m'manja kuyera. Ndipo LA akapatsidwa amalize yense, kawiri pa tsiku masiku atatu, chifukwa khalidwe lija loti mwana akayamba kusewera tsiku lachiwiri otsalawo tisungire mkulu wake akadzadwala ndi limene limabweza malungo. Izi ndinazilemba papepala m'Chichewa, mwana wasukulu anazitembenuza m'Chitonga, tinamata kuseri kwa chitseko.

Za maneti tinalimbana nazo masiku awiri. Sindinafike ndi ulaliki, ndinayamba ndi nsikidzi zomwezo chifukwa dandaulo lawo linali loona, zinalimodi. Tinatulutsa mabedi ndi mphasa padzuwa, kuthira madzi otentha m'ming'alu ya matabwa, kuzira pansi ndi kumata ming'alu ya m'khoma. Nsikidzi sizibadwa m'neti, zimakhala kale m'ming'alumo, zimangokwera paneti nkuyamba kuoneka. Maneti atsopano aja tinawatulutsa m'mapepala nkuwayanika pamthunzi tsiku lathunthu kuti asamayabwe, pamthunzi osati padzuwa chifukwa dzuwa limapha mankhwala ake, ndipo pochapa ndi sopo wamba pang'onopang'ono osafikisa pamwala. Ndinagula misomali ndi chingwe, tinamanga ngakhale pamwamba pa mphasa za ana, chifukwa ena amaganiza kuti neti ndi ya pabedi pokha. Yong'ambika tinasoka ndi singano. Apongozi anaima pakhomo kuonerera, kenako anati mwana wanga, ndiye mumange ndi yanga. Mtima wanga unakhala pansi tsiku limenelo.

Madzi nawonso. Anthu a kunyanja amamwa a m'nyanja, amati madzi ambiri chonchi angadetsedwe ndi chani, pomwe m'mphepete momwemo anthu akusamba, kuchapa matewera, asodzi ena akudzithandiza. Mukukumbukira kolera inayamba mu March 2022 ija, inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno ndipo Nkhata Bay inali m'maboma amene anavutika kwambiri. Nthawi imeneyo aliyense ankathira kolorini, itangotha onse anasiya. Pano ndikamatumiza katundu ndimaikamo WaterGuard, ndipo ndinagula ndowa ya mpopi yovindikira kuti ana asamaviike makapu ndi manja. A HSA nawonso amagawa kolorini wosungunula kale nthawi ya dzinja, ndi kungopita ndi botolo. Mwana akatsegula m'mimba Thanzi paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, ndi zinki mpaka amalize masiku onse amene auzidwa ngakhale m'mimba mutasiya. Thanzi akasowa usiku, lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni ang'ono 6 a shuga osadzaza mpaka phiri ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, kumamwetsa pang'onopang'ono uku mukupita kwa a HSA.

Za likodzo ndingonena mwachidule, anyamata akumeneko kukodza magazi amakutenga ngati chizindikiro cha kukula. Si kukula ayi ndi matenda, ndipo mankhwala ake akabwera kusukulu ana asathawe, angodya kaye nsima chifukwa pamimba yopanda kanthu amazunguza mutu.

Nkhani imene inativuta kwambiri ndi ya katemera wa atsikana woteteza khansa ya khomo la chiberekero. Pakhomo paja pali mtsikana wa achimwene awo a bambo a kunyumba, anali atakwanitsa zaka 9, ndipo bambo ake anakaniza akuti anamva kuti amatseka kubereka, azungu akufuna tichepe. Ine ndinakwiya koma ndinadziwa kuti ndikalankhula ine mkazi wobwera sizimveka. Ndinauza bambo a kunyumba, iwo anaimba foni nkulankhula ndi achimwene awo ngati amuna okhaokha, anawakumbutsa za azakhali awo amene anamwalira akutaya magazi miyezi yambiri, fungo m'nyumba, anthu nkumati anawalodza, pomwe kuchipatala ananena kuti ndi khansa yomweyi koma anabwera mochedwa. Katemerayu anayamba kuyesedwa ku Rumphi ndi ku Zomba mu 2013, dziko lonse linayamba mu January 2019, nde atsikana oyamba aja a ku Rumphi pano ndi akuluakulu ena ali ndi ana awo. Patapita milungu itatu analola. Ineyo ndinachita manyazi kuti ndikukakamiza ena pomwe sindinayezetsepo, nde ndinapita pa chipatala cha Mapale kukayezetsa VIA, ndi mphindi zochepa chabe, amapaka viniga pakhomo la chiberekero nkuyang'ana, zotsatira pompo, ndipo akapeza poyambira amathandiza zisanafike poipa. Mlamu naye ndinamutengera komweko.

Mlamu yemweyo chaka chomwecho anaima. Ulendo uno sitinachite zodikira foni ya usiku. Mwezi uliwonse ndimatumiza ya boti kuti apite kusikelo, amwe Fansidar uja amapereka kwa amayi oyembekezera kuteteza malungo, alandire mapilitsi oonjezera magazi, ayezedwe BP. Mwezi wachisanu ndi chinayi usanakwane, mvula isanatseke msewu, tinamuitanitsa kudzakhala nafe ku Chibavi. Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri, tinapanikizana ndithu, ana anga anagona pabalaza mwezi ndi theka, koma anachira bwinobwino mwana wamkazi. Amene mulibe malo m'tauni, zipatala zambiri zili ndi chidikiro, mayi apite akadikire komweko, inu mutumize ufa, ndiwo ndi makala.

Chinthu china chimene ndaphunzira, ndipo ndikunena mosanyoza aliyense, ndalama ukatumiza kuti iyi ndi ya thiransipoti ya kusikelo, ikafika pakhomo pali njala imagula chinangwa. Inenso ndikanakhala ine ndikanatero. Nde pano zinthu ngati WaterGuard, sopo, chingwe cha neti ndimagula konkuno nkupatsira a galimoto, ndipo ya boti ndimatumiza kwa mwini boti mwachindunji dzulo lake la sikelo. Nambala ya a HSA ndili nayo, sindiwavutitsa, kamodzi pamwezi ndimawaikira mayunitsi pang'ono nkufunsa tsiku la sikelo ndi ngati pali kampeni ya katemera ikubwera, ngati ija ya poliyo ya 2022 kapena ya taifodi ya 2023. Masamba a katemera a m'mabuku a ana onse a pakhomo paja ndinawajambula pafoni, tsiku likayandikira ndimaimba. Mlamu ndinamusungira pafoni pake nambala ya Chipatala cha pa Foni chija, pa Airtel ndi ulere, akakwera pamwala paja atha kufunsa anthu azaumoyo osadikira ine. Zonsezi pamwezi sizifika ngakhale K20,000, yerekezani ndi zija tinataya usiku umodzi.

Sikuti zonse zayenda. Neti imodzi ndinaipezanso ku dimba ulendo wapitawu. Chimbudzi chinagwa ndi mvula ndipo chinatenga miyezi iwiri kuti akumbe china, anthu akupita kutchire. Nthawi zina a HSA mankhwala amawathera ndipo amangolemba kalata yotumiza kuchipatala, pamenepo mtunda uja umakhala womwewo.

Ndipo pali apongozi anga. Mutu umawapweteka kumbuyo kuno pafupipafupi, nthawi zina amaona zideradera, miyendo imatupa madzulo. Atabwera kudzaona khanda ku Mzuzu ndinawanyengerera tinakayezetsa, BP inali 178 pa 104, anawapatsa mankhwala a mwezi umodzi nkuwauza kuti achepetse mchere ndipo azibwera mwezi ndi mwezi. Anamwa milungu iwiri, mutu utasiya anasiyanso mankhwala, akuti ndachira mwana wanga, munthu ungamamwe mankhwala usakudwala? Ndawafotokozera kangapo kuti BP siichoka, imangogona, ndipo ikadzuka ndi sitiroko, munthu kufa mbali imodzi kumudzi koti ngakhale wilibala siyenda. Amangoseka nkuti yewo, yewo, ndamva. Mchere amathirabe wapambali pa usipa wouma kale ndi mchere.

Mwezi wathawu ndinagula kamakina koyezera BP ka mabatire pa famase ina m'tauni muno, ndakambirana ndi a HSA kuti kazikhala kwa iwo kuti aziyeza apongozi ndi achikulire ena a m'mudzimo tsiku la sikelo. Loweruka likubwerali ndikupita nako ndekha pamodzi ndi mankhwala a miyezi iwiri, mvula isanayambe. Ulendo uno ndatenganso kamnyamata kanga kachisamba chifukwa agogo ake amakamvera kuposa tonsefe, ndakauza kuti kakawauze kuti kakufuna adzakhalepo kakamadzalemba mayeso a Sitandade 8.